Chidindo cha Loko Chimene Azakhali Anakwecha

Sukulu ndinasiya ndili Fomu 3. Anthu amakonda kufunsa chifukwa chake, ngati kuti akamva andibwezera m'kalasi. Ndinasiya basi. Kuchokera pamenepo masiku anga ankathera pa siteji ya Chileka, kuonerera ndege zikutera ndi kunyamuka ndi anthu amene sukulu anamaliza. Mayi anga ankagulitsa tomato pamsika, ndipo sikunkada osandikumbutsa kuti mwana wa uje walembedwa ulonda ku eyapoti, wavala yunifolomu. Ine zotsegulira geti magalimoto a eni ake sindinkazifuna. Chimene ndinkafuna sindinkachidziwa, mpaka tsiku limene kiyi wa loko wathu anathyokera m'kati.

Pasiteji pomwepo, pakhonde la golosale, panali benchi ya bambo wina wachikulire wodula makiyi ndi kukonza maloko. Tonse tinkangowati madala a makiyi. Anali ndi makina aang'ono odulira, tupa, ndi makiyi osadula ambirimbiri atapachikidwa pa waya. Ndikudikira kuti achotse chibenthu cha kiyi m'loko muja, ndinatola kanthu kamene anapsinjira mapepala kuti asauluke. Kanali kathabwa kolemera, kokwana m'dzanja, pamwamba pake atakhomerapo chitsulo chopyapyala. Pachitsulopo panali chithunzi cha loko ndi zilembo zachingerezi zotembenuka, zoyambira kumanja. Ndinaziwerenga mokweza chifukwa chotopa ndi kudikira. Zinkatama loko wa pachithunzicho kuti palibe wakuba angamuthyole.

Madala anasiya kupala. Anatulutsa kena m'thumba la jekete n'kundipatsa kuti ndiwerengenso. Ndinawerenga. Anati anthu ambiri, ngakhale aphunzitsi, amayamba apempha kagalasi. Kenako anandifunsa kuti ndinalekezera kalasi yanji, ndipo nditawauza anangoti, "Zikuoneka." Ndinawada kuyambira tsiku lomwelo, koma m'mawa mwake ndinabwereranso.

Zinthuzo ankazitcha zidindo. Anandifotokozera kuti kale, makompyuta asanabwere, kampani yopanga maloko kunja ikafuna kutsatsa malonda ake m'nyuzipepala za kuno, inkatumiza chidindo chotere kwa eni masitolo. Iwo ankachipereka kwa osindikiza, amene ankachipaka inki n'kuchidinda papepala. Nyumba zosindikizira zitasintha makina, zidindo zinatayidwa. Zina ana anaseweretsa, zina anthu anasonkhezera moto. Madala anatha zaka zambiri akuzitolera, za maloko zokhazokha. Cha sopo kapena cha njinga sankachiyang'ana n'komwe. Kunyumba kwawo anali ndi kachipinda ka mashelefu awiri odzaza, ndipo akazi awo sankaloledwa kusesamo.

Ine ndinkaona ngati misala. Munthu wa imvi kumasisita zinyalala za azungu amene anafa kalekale. Koma benchi ija sinali misala. Anthu amataya makiyi tsiku ndi tsiku: alonda a ku eyapoti, azimayi a mumsika, eni nyumba za lendi akathamangitsa munthu. Madala maso anali atayamba kuchita ng'ala, manja akunjenjemera. Ana awo, wina anali dalaivala m'tauni, wina ku Joni, ndipo palibe ankafuna kumva za tupa. Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti benchi ndi makina adzasiyira munthu wa diso, ndipo disolo adzaliyesa ndi zidindo. Ndikawapezera ndekha chidindo chenicheni cha loko, chimene iwo sanachionepo, adzandiphunzitsa ntchito n'kundisiyira malowo. Ndinawafunsa kuti bwanji osangondiyesa ndi kiyi. Anati kiyi ndikalakwitsa, wogona panja ndi kasitomala, osati ine.

Miyezi iwiri ndinakhala ndikumva maphunziro amene sindinawapemphe. Chidindo chenicheni chimakhala ndi msinkhu wofanana ndi zinzake zonse, chifukwa zinkayenera kulingana m'makina. Madala anali ndi kachitsulo koyezera kamene anapala okha, ndipo chidindo chinkayenera kulowamo mothina bwino. Timisomali togwira chitsulo timakhala titachita dzimbiri, dzimbirilo litalowerera m'thabwa. Kunsi kwake nthawi zambiri kumakhala timapepala timene wosindikiza anamata kuti chisapendekeke, nthawi zina ndi zolemba za pensulo. Koma chachikulu chinali inki. M'mizere ya chithunzi mumakhala inki youma, yosanjikizana, yolimba ngati phula la pamsewu, ndipo ili ndi fungo lake. Madala ankayamba anunkhiza chidindo asanachiyang'ane. Ankabwereza mpaka kunditopetsa kuti chitsulo aliyense angapange, koma litsiro ndiye mboni.

Choyamba chimene ndinawabweretsera chinali chabodza. Anyamata osema ziboliboli kumsewu wa ku eyapoti anali atamva kuti kuli mdala wopenga wofuna timathabwa ta maloko, ndiye anayamba kupanga. Mmodzi anandinong'oneza kuti chake chinachokera kwa agogo ake. Chinali chakuda bii, chooneka chakale kuposa madala eniakewo. Ndinachiika pabenchi monyada, pamaso pa makasitomala atatu. Madala anachinunkhiza kamodzi, n'kuvula nsapato imodzi, n'kundipatsa pamodzi ndi chidindocho kuti poti ndabweretsa polishi, ndiwapolishire. Anthu anaseka mpaka wa golosale anatuluka kudzaona. Ndinachoka osatsanzika, ndipo sabata yonse sindinapondeko.

M'sabata imeneyo m'pamene ndinakumbukira bokosi la agogo ku Lirangwe.

Makolo athu anachokera ku Mozambique, anabwera wapansi kudzagwira ntchito m'minda ya azungu. Agogo aamuna, bambo a bambo anga, anathawa khasu n'kukalowa ntchito m'nyumba yosindikizira ya mmwenye wina ku Limbe. Anamwalira ndisanabadwe, ndipo ine ndinapatsidwa dzina lawo. Katundu wawo anatsala m'bokosi lachitsulo kwa azakhali, alongo awo a bambo anga, amene ankakhala okha ku Lirangwe amuna awo atamwalira. Ndili wamng'ono ndinaonapo bokosilo litatsegulidwa, ndipo ndinkakumbukira kathabwa kolemera kamene nditakagwira anandimenya padzanja.

Azakhali ndinkawapewa. Chifukwa cha dzina lija ankanditchula kuti bambo, ndi ulemu wonse, ngakhale pondikalipira. Sukulu sanapite patali, koma ukhondo wawo unkadziwika mudzi wonse. Mapoto awo pathandala ankathobwa m'maso. Ankakwecha ndi mchenga wa kumtsinje ndi phulusa mpaka kunsi kwa poto, kumene moto udzadetsenso tsiku lomwelo. Ankati nyumba ya mayi wamasiye anthu amaiyang'ana kawiri.

Linali Lachitatu. Ndinakwera minibasi mpaka pa Kameza, n'kugwira ina yodutsa Lunzu. Nditafika, azakhali sanafune kumva za bokosi ndisanayankhe mafunso awo: ngati ndadya, ngati mayi anga msana unasiya, kuti kutchalitchi ndinapita liti komaliza, ndiponso ngati za sukulu ndinaziganizanso. Ndinayankha ndi mawu amodziamodzi, maso ali kuchipinda. Dzuwa litapendeka m'pamene anamasula kiyi pansonga ya chitenje n'kutsegula.

Chidindocho chinali pansi pa jekete la agogo. Chinali chachikulu kuposa zonse za pamashelefu a madala, chitsulo chake cha mkuwa chitada. Loko wake anali wonenepa, wokhala ndi kachivindikiro pabowo la kiyi, ndipo mthunzi wake anaujambula ndi timizere tating'ono ngati tsitsi. Inki inali itadzaza m'mizeremo. Timisomali tinali ndi dzimbiri lolowerera m'thabwa. Kunsi kunali timapepala titatu tomatana, lapamwamba litalembedwa ndi pensulo. Ndinachiika pamphuno. Linali fungo la kachipinda ka madala, lomwe lija. Ndinadziona nditakhala pabenchi, makina akulira, mayi anga atasowa mwana wa uje wondiyerekezera naye.

Nditati ndichitenge, azakhali anakana. Anati chinthu cha malemu sichituluka m'nyumba kukayendayenda m'maminibasi, wofuna kuchiona abwere adzachionere pomwepo. Ndinawachonderera, ndinawaopseza kuti sindidzabweranso, ndinawakumbutsa kuti dzina la mwini wake ndili nalo ndine. Anangokhala pamphasa manja ali pamiyendo. Pomaliza ndinagonja.

"Chabwino. Loweruka kubwera mlendo wolemekezeka kudzaona chinthu chimenechi. Musandichititse manyazi."

"Nanga mlendoyo akufuna kuona chiyani pamenepa, bambo?"

"Simungamve."

Ndimo ndinayankhira. Ndinali nditatopa, kumsewu minibasi inali ikuliza hutala, ndipo sindinaone chifukwa chofotokozera za inki kwa munthu amene dzina lake amalemba ngati akulima.

Lachisanu ndinapita kubenchi n'kuwauza madala. Sanandikhulupirire msanga. Anandifunsa za misomali, za thabwa, za mtundu wa chitsulo, ndipo ndinayankha zonse osapunthwa. Kenako anaika tupa pansi n'kundifunsa ngati kunyumbako kuli munthu wamkazi. Ndinati alipo azakhali.

"Wawauza kuti asachikhudze? Asachitsuke?"

"Ndawauza."

Sindinaganize n'komwe. Ndinangofuna kuti mafunso athe. Azakhali anali ndi kafoni, ndipo masana omwewo ndinakatulutsa kanga kuti ndiimbe. Ndinakumbukira moni wawo wosatha, za msana wa mayi, za kutchalitchi, ndipo ndinabwezera foni m'thumba. Ndinadziuza kuti palibe munthu wamutu wake angatsuke thabwa.

Loweruka madala anatseka benchi, chinthu chimene sankachita ngakhale akudwala. Anavala jekete labwino, kachitsulo koyezera kali m'thumba. M'minibasi ankandiuza za zidindo zimene anaziphonya m'moyo wawo, ngati munthu wokumbukira zibwenzi zakale. Ine ndinkangowerenga makiyi m'mutu.

Titangokhota kulowa pakhomo ndinaona kuti azakhali atengapo mbali. Bwalo linali losesedwa mpaka mizere ya tsache kuoneka. Khonde linali lozira kumene. Kukhitchini kunkamveka fungo la nkhuku. Iwo anatuluka atavala chitenje chatsopano, n'kugwada popereka moni. Anafunsana ndi madala za kwawo, za mvula, za mpingo umene amapemphera, mpaka anapeza kuti akudziwa m'busa mmodzi. Ine ndinkagwedeza mwendo. Potsiriza anatilowetsa m'nyumba.

Chinali patebulo, pakansalu koluka koyera. Chinkawala ngati poto wa pathandala.

Azakhali anafotokoza monyadira. Anati nditachoka anachiyang'ana bwino n'kuona kuti sangaonetse mlendo chinthu chonyansa chotero, anthu angati mwana wa malemu sasamala za bambo ake. Lachinayi lonse anachiviika m'beseni. Lachisanu anachikwecha ndi mchenga ndi phulusa, kenako ndi ndimu, ndipo zakuda zimene zinakanirira m'mizere anazitokosa ndi singano mpaka zala kutupa. Thabwa analipala ndi mwala n'kulipaka mafuta ophikira. Anationetsa zalazo.

Madala anachinyamula ndi manja awiri. Anachiika pamphuno n'kunena chapansipansi kuti, "Ndimu." Anatulutsa kachitsulo kawo. Chidindo sichinalowe, thabwa linali litatupa ndi madzi. Anachitembenuza, kunsi kunali mbee. Anayendetsa chala pachithunzi. Timizere ta mthunzi tija tinali titafufutika, loko atasalala ngati sopo wotha.

Zimene ndinanena ndikuzikumbukira zonse, ndipo sindizichepetsa. Azakhali ndinawati mbuli. Ndinati manja awowo sadziwa china koma poto. Ndinati chinthu chinakhala bwinobwino zaka zonsezi m'bokosi, iwo achiwononga masiku awiri. Ndinati akwecha ntchito yanga, akwecha tsogolo langa, ndipo kukanakhala bwino bokosilo likanasungidwa ndi mbuzi. Ndinalankhula mokweza moti ana a nyumba yoyandikana anabwera kudzasuzumira pawindo.

Azakhali anali ataima ndi beseni la madzi osamba m'manja. Sanalire. Analiika pansi bwinobwino kuti madzi asatayike.

"Bambo, ndinakufunsani kuti mlendo akufuna kuona chiyani. Munati sindingamve. Munangoti ndisakuchititseni manyazi."

Madala anatembenuka n'kundiyang'ana ndi maso awo a ng'alawo.

Azakhali analowa kuchipinda n'kutuluka ndi buku la nyimbo. Pakati pake panali timapepala titatu tija, titauma, titawongoledwa. Anati tinamatuka m'beseni, koma sakanataya pepala lokhala ndi dzanja la bambo awo. Madala anatiyandikiza kumaso, osaona bwino, n'kupempha azakhali kuti awawerengere. Osati ine, amene ndinkawerenga zotembenuka popanda galasi. Azakhali anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa chilembo chilichonse. Linali dzina la sitolo yogulitsa maloko ndi tsamba la nyuzipepala limene chidindo chinkayenera kukhala. Madala ankaidziwa sitoloyo, anagulako tupa ali mnyamata. Anati palibe kukayika, chinali chenicheni, ndipo chinali chabwino kuposa chilichonse chimene ali nacho. Mawu akuti chinali anawanena kawiri. Kenako anauza azakhali kuti ndi ana ochepa amene amasunga za makolo awo chonchi, ndipo anasamba m'manja.

Anadya nkhuku ija bwinobwino, akuyamikira kaphikidwe, akufunsa za chimanga cha chaka chimenecho. Ine sindinadye. Ndinakhala pakhonde ndikuthamangitsa ana aja.

Pasiteji ya Lirangwe, tikudikira minibasi, ndinayamba ine. Ndinati iwo eni avomera kuti chinali chenicheni, ndachipeza ndekha, sanachionepo, ndiye mayeso ndakhoza. Zoti mayi wina wachikwecha si mlandu wanga.

Anati diso ndili nalo, ndipo sanaonepo lotere.

"Koma ndinakufunsa dzulo. Unati wawauza."

Ndinati inali nkhani yaing'ono, ndinaiwala chabe. Anati sindinaiwale, ndinanama. Anafotokoza osakweza mawu kuti munthu amasiya kiyi wa nyumba yake pabenchi n'kupita kukagula tomato. Akabwera amafunsa ngati wadula mmodzi yekha, ndipo alibe pogwira pena koma pakamwa pa wodulayo.

"Benchi sindingasiyire munthu amene amati inde kuti funso lithe."

Ndinawauza kuti benchi yawo adye. Ndinawauza kuti zidindo zawo akadzamwalira akazi awo adzaphikira nyemba. Anavomera kuti mwina zidzaterodi. Minibasi itabwera anakhala kutsogolo, ine kumbuyo, mpaka pa Kameza.

Benchi anasiyira mkamwini wa mwini golosale, munthu wozizira amene sangawerenge chidindo ngakhale utamupatsa magalasi awiri. Makiyi ake anthu amabwerera nawo kuti sakutsegula, iye n'kupepesa, n'kupalanso, ndipo anthuwo amabwerabe. Ine ndimapalasa kabaza. Ndimadutsa pamenepo kangapo pa tsiku, ndipo makina akamalira ndimamva ndi khutu lokha kuti akudya kiyi mopitirira. Sindimuuza. Masiku ena ndimada madala, masiku ena azakhali. Pali masiku enanso, koma amenewo sindikonda kuwakamba.

Ku Lirangwe ndinatha chaka ndisanapiteko. Anandituma ndi mayi anga kukasiya mbewu. Chidindo sichinabwererenso m'bokosi. Chili pakabati, pakati pa makapu a alendo, ndipo poti mlendo wolemekezeka anayamikira kasungidwe kawo, azakhali amachikwecha nthawi iliyonse kukamabwera anthu. Loko uja watsala chogwirira chokha ndi zilembo zinayi.

Ananditchula bambo monga kale, n'kundifunsa ngati ndadya. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinatenga chidindo chija, ndinakhala pamphasa, n'kuwafotokozera zonse: za makina osindikizira, za msinkhu, za misomali, za timapepala, za inki yosanjikizana, ndi kuti zakuda zimene anatokosa ndi singano n'zimene mlendo anabwerera. Sizinatenge nthawi yoposa yowiritsa tiyi. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, kenako analandira chidindocho n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje pamene ndinagwira.

"Ndamva, bambo. Nanga povuta panali pati?"